Mwana akamaliza mkonono n'kumabanika m'tulo: kuyeza kuti kumene kungakuuzeni zoona?

Mwana wa mng'ono wanga anagona kwathu ku Mabvuku, mu Harare, usiku wina mu June, amayi ake atapita kumaliro ku Chitungwiza. Anali ndi zaka 4. Magetsi anali atazima, kunja kukuzizira koopsa, ndiye ndinamugoneka pambali panga. Mkonono wake ndinkaudziwa kale, ndipo pabanja pathu panalibe wosaudziwa. Agogo ake ankati watengera malemu agogo ake aamuna, amene ankamveka mpaka kuseri kwa nyumba. Chimene sindinkachidziwa ndi bata lija limene limagwa pakati pa mkononowo. Cha m'ma 3 koloko m'bandakucha mkonono unaduka. Ndinayatsa tochi ya pafoni. Pakamwa panali yasa, mutu ataupindira kumbuyo, chifuwa chikulowa m'kati pamene mimba ikutukuka, koma mpweya osamveka. Kenako anadzidzimuka, n'kukoka mpweya mwamphamvu ngati munthu wovuuka m'madzi, n'kutembenuka, mkonono n'kuyambiranso. Pilo anali atanyowa ndi thukuta, m'nyengo yozizira choncho.

Kutacha ndinamuimbira mng'ono wangayo. "Achemwali, amatero masiku onse," anatero, "kukiliniki ndapita katatu, amangondipatsa mankhwala a chifuwa." Sindinamudzudzule. Ananena zoona kuti mwana amaliza mkonono, koma amene ankamuona masana ankaona mwana wothamangathamanga, wosatentha thupi, wa chimfine chabe.

Matendawa achipatala amawatchula kuti obstructive sleep apnea. Munthu akagona, minofu ya pakhosi imafooka pang'ono. Kwa mwana amene njira yake ya mpweya ndi yopapatiza kale, kufookako kumakwanira kuitseka. Mpweya wa okosijeni umatsika m'magazi, ubongo umamudzutsa pang'ono kuti apume, ndipo zimabwerezabwereza usiku wonse, iye osakumbukira kanthu m'mawa. Ana oliza mkonono ndi ambiri, koma amene ali ndi matendawa ndi pakati pa 1 ndi 5 mwa ana 100 alionse, makamaka a zaka 2 mpaka 8, pamene matonsilo, nyama ziwiri za m'mbali mwa pakhosi, ndi ma adenoidi, nyama zija zobisika kuseri kwa mphuno, zimakhala zazikulu poyerekeza ndi kukula kwa pakhosi. Funso lenileni si lakuti mwana amaliza mkonono kapena ayi. Funso ndi lakuti amabanika kangati, ndipo okosijeni imatsika mpaka pati.

Madokotala amawerenga kuti pa ola limodzi la tulo mpweya waduka kapena wachepa kangati, ndipo nambala imeneyi amaitcha AHI. Kwa mwana, kupitirira kamodzi pa ola n'kosayenera kale. Kuyambira 1 mpaka 5 amati ndi matenda aang'ono, 5 mpaka 10 apakati, kupitirira 10 aakulu. Ndikutsindika zimenezi chifukwa kwa munthu wamkulu matenda aakulu amayambira pa 30. Wina akawerenga zotsatira za mwana ndi muyeso wa akuluakulu, angakuuzeni kuti 12 si kanthu, pamene kwa mwana 12 ndi nkhani yofunika kuichitapo kanthu msanga.

Mwana wanu ali m'gulu liti?

Musanasankhe kuyeza kulikonse, yambani mwadziwa kuti mwana wanu ndi wotani, chifukwa njira yoyenera mwana wina ndi yoperewera kwa mnzake. Ambiri ali ngati wathuyu: wabwinobwino m'zonse, koma wa matonsilo aakulu, wopumira pakamwa, wa mphuno yotsekeka chaka chonse. Chimfine cha fumbi cha mu August ndi September, mphumu, utsi wa fodya wa bambo kapena amalume osutira m'nyumba, zonsezi zimatupitsa m'mphuno ndi kuwonjezera vuto. Magetsi akazima ambirife timaphikira pankhuni kapena pamakala, ndipo mwana amene mphuno yake ndi yotsekeka kale sayenera kukhala mu utsiwo.

Koma pali ana ena amene chiopsezo chawo n'chachikulu kwambiri. Wonenepa mopitirira, chifukwa mafuta amapanikiza njira ya mpweya, ndipo iyeyu nthawi zambiri vuto silitheratu ngakhale matonsilo atachotsedwa. Pano tiyenera kunena mosabisa, pakuti kwathu mwana wonenepa timamuyamikira kuti akudya bwino. Wina ndi mwana wa Down syndrome, amene lilime lake ndi lalikulu poyerekeza ndi kamwa, minofu yake ndi yofewa. Theka la ana otere kapena kuposerapo ali ndi matendawa, ndipo bungwe la madokotala a ana ku America, American Academy of Pediatrics, limalangiza kuti aliyense wa iwo ayezedwe tulo asanapitirire zaka 4, ngakhale makolo asakuonapo chachilendo. Palinso wobadwa ndi chibwano chaching'ono kapena ndi mng'alu kumwamba kwa m'kamwa, wa cerebral palsy kapena matenda ena ofoola minofu, wobadwa masiku asanakwane, ndi wa sickle cell, matenda a magazi akumtundu. Ifeyo amene makolo athu anachokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique tisaiwale sickle cell, chifukwa imapezeka m'mabanja akumeneko, ndipo kutsika kwa okosijeni usiku n'koopsa kwa mwana wotere. Womaliza ndi wakhanda ndi aliyense wosakwana zaka 3. Ana a m'gulu lachiwirili asamathere pa kuyeza kwapafupi.

Kudikira kuti akula nazo

Iyi ndiyo njira imene mabanja ambiri amatsata osadziwa kuti asankha. Ili ndi choonadi chake. Kafukufuku wotchedwa CHAT, amene anafalitsidwa mu 2013 ku America, anatsatira ana 464 a zaka 5 mpaka 9. Patapita miyezi 7, mwa amene anangodikiridwa, 46 pa 100 alionse zotsatira zawo zinabwerera mwakale, pamene mwa ochitidwa opaleshoni yochotsa matonsilo ndi ma adenoidi anali 79 pa 100. Choncho agogo akamati ena zimawathera okha, sakunama. Koma ana onse aja anali atayezedwa kaye, ndipo amene okosijeni yawo inkatsika kwambiri sanalowetsedwe n'komwe m'kafukufukuyo. Kudikira mwana atayezedwa, dokotala akumuona, n'kosiyana ndi kudikira mumdima. Mwana wobanika kwambiri akangosiyidwa, sikelo yake imaima chifukwa mphamvu zikuthera pa kupuma, amakodza pogona ngakhale anali atasiya, kusukulu sakhazikika ndipo aphunzitsi amamutcha wovuta. Mwana wosowa tulo kawirikawiri saodzera ngati wamkulu, amachita phuma. Pamapeto pake mitsempha ya m'mapapo imatha kuuma, mtima wa mbali ya kumanja n'kutopa.

Kanema wa pafoni

Pa njira zonse, iyi ndiyo ndimaikonda, osati chifukwa ndi yolondola koposa, koma chifukwa ili m'manja mwanu usiku uno ndipo imasintha zokambirana zonse ndi achipatala. Mawu oti "amaliza mkonono", kapena ngonono monga anenera anzathu a Chishona, namwino amawamva tsiku lililonse. Kumuonetsa chifuwa chikulowa m'kati mwana osatulutsa mpweya ndi nkhani ina.

Kujambula kwake kumafuna nzeru pang'ono. Musajambule mwana atangogona kumene. Kubanika kumakula pa tulo ta maloto, timene timachuluka chakum'mawa, ndiye dzukani cha m'ma 2 kapena 4 koloko. Vundukulani chifuwa ndi mimba kuti zioneke, nkhope ionekenso, kuwala kukhale kokwanira, wailesi ikhale yozima kuti phokoso la kupuma limveke. Musamugwedeze akangobanika, ndikudziwa kuti dzanja limapita lokha, inenso linapita, koma musiyeni masekondi angapo kuti dokotala aone mmene amadzitsitsimutsira. Jambulani mphindi zingapo, usiku utatu kapena unayi wosiyana, makamaka pamene alibe chimfine, kuti wina asanene kuti ndi chimfine chabe. Foni muitchaje masana pomwe magetsi alipo.

Kanemayu sangakupatseni nambala. Sangakuuzeni kuti okosijeni yafika pati, ndipo mukajambula pa nthawi imene mwana akupuma bwino, angakunamizeni kuti zonse zili bwino. Ntchito yake ndi kutsegula chitseko. Kwa ife anatsegula: namwino ataonera theka la mphindi anangotenga pepala n'kulemba kalata yotitumiza kuchipatala chachikulu. Mu Harare njira ya boma imayenda choncho, kuyambira kukiliniki ya khonsolo, kenako ndi kalata kupita ku Sally Mugabe Central Hospital, imene ambiri timaitchabe kuti Gomo, kapena ku Parirenyatwa. Amene ali ndi medical aid kapena ndalama m'thumba amapita kwa madokotala olipira a m'dera la Avenues. Kulikonse kumene mungapite, amene mukumufuna ndi dokotala wa ana kapena wa khutu, mphuno ndi pakhosi.

Dokotala akayang'ana kukhosi

Adzati mwana ayasamule, n'kupereka nambala ya kukula kwa matonsilo, kuyambira 0 mpaka 4. Pa 4 amakhala atatsala pang'ono kukhudzana pakati. Adzamuyeza sikelo ndi msinkhu, choncho tengani khadi la kusikelo ngakhale mwana atakula, chifukwa mzere wa kukula kwake umanena zambiri. Ena amagwiritsa ntchito mafunso 22 otchedwa Pediatric Sleep Questionnaire, ofunsa za mkonono, kuodzera ndi khalidwe la masana. Zonsezi n'zotsika mtengo ndipo n'zofunika, koma zili ndi malire amene makolo ambiri sauzidwa: kukula kwa matonsilo sikuyenderana bwinobwino ndi kukula kwa matenda. Pali mwana wa matonsilo odzaza pakhosi amene amangoliza mkonono osabanika, ndipo pali wa matonsilo apakati amene amabanika koopsa. Dokotala akumuona ali maso, atakhala tsonga, pamene vutolo limabwera ali gone.

Ma adenoidi saoneka poyasamula. Njira zowaonera ndi ziwiri. X-ray ya m'mbali mwa khosi imapezeka malo ambiri, siwawa, koma ndi chithunzi cha kamphindi kamodzi, ndipo mwana akameza kapena kutembenuka chimasocheretsa. Kamera yopyapyala yolowetsa m'mphuno imaonetsa bwino kwambiri ndipo ilibe cheza, koma imafuna katswiri, ndipo mwana amalira. Pakakhala mwayi wosankha, ine ndingasankhe kamera. Komabe zonse ziwiri zimayankha funso lakuti chatseka n'chiyani, osati lakuti usiku zimafika poipa motani.

Kachipangizo ka pachala usiku wonse

Apa ndiye pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa kwa mabanja ambiri a kuno, iyi ndiyo njira yokhala pakati pa kanema waulere ndi kuyeza kodula. Mwana amamangidwa kachingwe kowala kofiira pachala kapena pachala cha kuphazi, makina n'kumalemba okosijeni ndi kugunda kwa mtima usiku wonse, kuchipatala kapena kunyumba. M'mawa dokotala amaona mzere. Mwa mwana wobanika, mzerewo umagwa m'magulumagulu, makamaka pa tulo ta maloto. Pali muyeso umene unapangidwa ku Montreal, ku Canada, wotchedwa McGill, woyambira 1 mpaka 4. Kugwa kwa okosijeni kobwerezabwereza pansi pa 90 peresenti ndi gawo 2, pansi pa 85 ndi gawo 3, pansi pa 80 ndi gawo 4. Mwana wa gawo 3 kapena 4 sayenera kukhala kumapeto kwa mzere wa odikira opaleshoni.

Ubwino wake ndi wakuti kakanena kuti matenda alipo, mwa mwana woliza mkonono wopanda matenda ena a mtima kapena mapapo, pafupifupi nthawi zonse kamakhala kakunena zoona. Kuipa kwake n'kwakuti kakapanda kupeza kanthu, sizitanthauza kuti mwana ali bwino. Ana ambiri amadzidzimuka msanga okosijeni isanatsike, ndiye mzere umaoneka wosalala pamene tulo tawo taduka kambirimbiri. Mukauzidwa kuti zotsatira zili bwino koma inu mukuonabe mwana akubanika, musabwerere kunyumba ndi mtima wokhazikika, funsani chotsatira.

Pali zinthu zitatu za kuno kwathu zofunika kuzidziwa. Choyamba, tizipangizo tija tinagula m'mafamase nthawi ya COVID-19, topana chala n'kuonetsa nambala, si timeneti. Sitisunga zolemba za usiku, ndipo tambiri ndi tatikulu pa chala cha mwana. Mawotchi a pamkono ndi mapulogalamu a pafoni omvera mkonono nawonso sangalowe m'malo. Chachiwiri, tizipangizo toyeza okosijeni timagwira ntchito ndi kuwala kodutsa pakhungu, ndipo pa khungu lakuda nthawi zina timaonetsa nambala yokwera kuposa yeniyeni. Kafukufuku wa mu 2020 ku University of Michigan anaonetsa zimenezi mwa odwala akuluakulu. Choncho nambala yokhala m'malire isatengedwe mopepuka mwa ana athu. Chachitatu, Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene okosijeni ya munthu wabwinobwino imatsikirapo pang'ono, ndiye wowerenga zotsatira akhale dokotala wodziwa za ana, osati wongobwereketsa makina. Ngati mukuyezera kunyumba, funsani ngati batire likhoza kufika m'mawa magetsi atazima, chifukwa maola awiri kapena atatu sakwanira.

Kugona m'chipinda choyezera tulo

Kuyeza kumene kumayankha mafunso onse ndi polysomnography. Mwana amagona usiku umodzi, kholo lili pambali, atamatidwa timawaya kumutu, pafupi ndi maso ndi pachibwano, malamba awiri pachifuwa ndi pamimba, kachubu pamphuno, ndi kachingwe ka okosijeni. Palibe jakisoni, palibe chowawa. Ndi kuyeza kokhaku kumene kumapereka AHI yeniyeni, kumaonetsa ngati mpweya woipa ukuunjikana m'thupi, ndiponso kumasiyanitsa kubanika kwa kutsekeka pakhosi ndi kuja kumene ubongo umaleka kulamula kupuma, kumene kuchotsa matonsilo sikungachize.

Vuto lake tonse tikulidziwa. N'kodula, malo ochitira ndi ochepa, ndipo ambiri mwa malo oyeza tulo anakonzedwera akuluakulu. Musanalipire, funsani molunjika ngati amayeza ana a msinkhu wa wanuyo, ndiponso ngati amawerenga ndi malamulo a ana: kwa wamkulu amawerenga kuduka kwa mpweya kwa masekondi 10, pamene kwa mwana kuphonya kupuma kuwiri kokha kumawerengedwa kale. Makina opita nawo kunyumba amene amapatsa abambo oliza mkonono amayeza zinthu zochepa, ndipo bungwe la American Academy of Sleep Medicine linanena mu 2017 kuti silikuwavomereza poyezera ana. M'maiko ena a ku Ulaya amagwiritsa ntchito kuyeza kwapakati kotere pamene polysomnography palibe, koma m'manja mwa akatswiri a ana.

Maganizo anga ndi awa. Mwana wa zaka zoposa 3, wopanda matenda ena, wa matonsilo aakulu, kanema wake akuonetsa kubanika poyera, ndipo kachipangizo ka pachala katsimikiza: banja lisagulitse katundu kapena kudikira chaka kufunafuna polysomnography. Umboni wakwana kuti dokotala achitepo kanthu. Koma mwana wosakwana zaka 3, wonenepa kwambiri, wa Down syndrome, wa sickle cell, wa minofu yofooka kapena wa nkhope yobadwa mosiyana, kapena amene matonsilo ake ndi aang'ono koma akubanika zedi, kapenanso amene anachitidwa kale opaleshoni koma mkonono sunathe, ameneyu ndiye woyenera kumusonkhera ndalama pachibale ndi kumpingo kuti ayezedwe mokwanira. Zikakanika ndithu, ayezedwe okosijeni usiku atagonekedwa m'chipatala, osati kungoganiziridwa.

Pali kuyeza kwina kumene sikuyeza tulo koma musakukane akakutchulirani: kuunika mtima ndi makina a echo. Mwana amene wabanika kwa zaka, makamaka amene sikelo yake yaima, ayenera kuonedwa ngati mtima sunayambe kuvutika asanalandire mankhwala ogonetsa a opaleshoni.

Chifukwa chake kudziwa kukula kwa matenda n'kofunika chimaonekera pa tsiku la opaleshoni lenilenilo. Mwana wa matenda aakulu, amene AHI yake ndi 10 kapena kuposa, kapena okosijeni yake inatsika pansi pa 80, komanso aliyense wosakwana zaka 3, sayenera kutulutsidwa tsiku lomwelo. Agone m'chipatala akuyang'aniridwa kapumidwe, chifukwa usiku woyamba pakhosi pamatupa ndipo kubanika kumatha kukula kusanayambe kuchepa. Asapatsidwe mankhwala a ululu okhala ndi codeine. Bungwe loona za mankhwala ku America, FDA, linachenjeza mwamphamvu za zimenezi mu 2013 ana ena atamwalira pambuyo pochotsedwa matonsilo. N'chimodzimodzinso kunyumba: mwana wobanika musamupatse mankhwala a chifuwa kapena a chimfine ogonetsa kuti agone bwino, chifukwa kudzidzimuka kuja ndiko kumamupulumutsa. Ndipo mukaona milomo ikuda kapena kutuwa ali m'tulo, akuvuta kudzutsa, mapazi kapena nkhope zikutupa, kapena akupuma movutikira ngakhale masana, musadikire tsiku limene anakulemberani. Pitani kuchipatala cha odwala mwadzidzidzi tsiku lomwelo, foni ya kanema ili m'manja.

Wathu uja polysomnography sanaione. Anayezedwa okosijeni usiku umodzi ali m'chipatala, mzere unagwa m'magulu mpaka pansi pa 85, ndipo anachotsedwa matonsilo ndi ma adenoidi, n'kugona komweko masiku awiri. Patatha sabata zitatu mng'ono wanga anandiimbira usiku, mawu akunjenjemera. "Achemwali, sakumveka. Ndadzuka kanayi kukaika dzanja pamphuno pake." Ndinamufunsa ngati chifuwa chikukwera ndi kutsika bwinobwino, pakamwa pali potseka. Anati inde. Ndinamuuza kuti ajambulenso kanema wina cha m'ma 3 koloko, apite naye pa tsiku lokaonedwanso, dokotala akayerekeze ndi woyamba uja.